Tomato wa phindu ndi wa mu Febuluwale, osati wa mu Seputembala

Chaka chilichonse nkhani ndi yomweyi pamsika wa Masambanjati. Ikafika Seputembala, tomato wa kudimba amapsa nthawi imodzi, milu imakula, mtengo n'kugwa, ndipo dzuwa likamalowa amayi amangogulitsa motaya kuti asabwerere naye kunyumba. Koma pitani pa Bvumbwe kapena ku Limbe mu Febuluwale: beseni lomwelo mumachita kulimbirana.

Ine ndikuti vuto si dzuwa ayi, vuto ndi kalendala yathu. Tonse timafesa mvula ikangotha chifukwa ndi nyengo yosavuta. Wofuna ndalama afese nazale kumayambiriro kwa Okutobala, awokere mu Novembala, ayambe kuthyola kumapeto kwa Januwale.

Inde, n'kovuta. Kutentha kukapitirira madigiri 32, maluwa amayoyoka osagwira chipatso. N'chifukwa chake nazale imafuna kamthunzi ka udzu, ndipo m'munda muyenera kuphimbira ndi mapesi kapena masamba ouma a nthochi. Thirirani m'mawa kapena madzulo, patsinde osati pamasamba, ndipo musadumphitse masiku. Kuthirira kwa lero ndi mkuja ndi kumene kumang'ambitsa tomato ndi kumuoletsa kunsi. Kangaude wofiira naye amakonda chilimwe, choncho muzisuzumira kunsi kwa masamba.

Mvula ikayamba mdani amasintha, kumabwera chiwawu. Kuno ku Thyolo timachidziwa bwino, chifukwa ngakhale chiperoni cha mu Juni chimachibweretsa. Kwezani mizere, mangirirani mbewu kumitengo, sadzani masamba a m'munsi kuti mphepo izidutsa. Musabwereze pamalo pomwe panali tomato, mbatatesi kapena mabiringanya. Za mankhwala, makamaka a kambozi ka Tuta absoluta, funsani alangizi. Musangodalira mnyamata wogulitsa m'timabotolo topanda dzina.

Nanga inu mavenda? Musadikire Januwale kuti muyambe kusaka katundu. Pangananani ndi mlimi panopa, ngakhale kumuthandiza kambewu ka Tanya kapena Tengeru, mitundu yolimba khungu yomwe siphwanyika msanga pamsewu. Ena amati mlimi akaona mtengo wakwera amathawa pangano. Zimachitikadi, ndiye lembani papepala pakhale mboni, ndipo mtengo mugwirizane kuti udzatsatira wa pamsika sabata yokololayo. Pokatenga, sankhani wongoyamba kufiira, ndipo musadzaze dengu mpaka pamwamba ngati ulendo ndi wa ku Limbe.