Ndakatulo zili pa zikwangwani za ku Mzimba

Mayeso a MSCE akamayandikira, pansi pa mitengo ya m'masukulu a sekondale a ku Mzimba pamamveka nyimbo imodzi. Ophunzira a Fomu 4 amakhala m'timagulu, makope ali pamiyendo, wina n'kumafunsa, anzake n'kumayankhira limodzi. Chifanifani? Chimadziwika ndi "ngati" kapena "monga". Chibwereza? Mawu omwewo kunenedwa kawiri kapena katatu. Umunthu? Mphepo kapena mtengo kupatsidwa pakamwa. Zonse zili pamtima, palibe wophonya.

Ndiye anawo apatsidwe ndakatulo yomwe sanaionepo. Afunsidwe chifukwa chimene mlakatuli watchulira fisi pomwe aliyense akuona kuti akunena munthu. Phokoso lija limazirala, ena n'kuyamba kutafuna chivindikiro cha bolopeni.

Anawa si mbuli ayi. Chimene chawapweteka n'chakuti nsinjiro za chiyankhulo zimawafika ngati katundu wa m'sitolo, wokutidwa m'buku la Chichewa kapena la Chingerezi, pomwe ambiri a iwo kunyumba amalankhula Chitumbuka. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'kalasi, ndipo chichokereni apo mwana wa ku Mzimba amakula akuyesa kuti luso la mawu limakhala kwina, iye yake n'kuloweza basi. Zimamvetsa chisoni, chifukwa m'Malawi muno ndi maboma ochepa amene mawu okuluwika ali poyera ngati Mzimba. Alembedwa ngakhale pa zikwangwani za m'mphepete mwa msewu.

Pa Jenda, pomwe anthu amapatukira kuchoka pa msewu wa M1, anyamata oitanira amakuwa tsiku lonse: Embangweni! Edingeni! Wokwera amangomva malo otsikira. Koma m'Chingoni, monganso m'Chizulu chomwe ndi mbale wake, umbango ndi mkangano wolimbirana chinthu, kotero Embangweni ndi "pamalo a mkangano". Ukudinga ndi kusowa, ngakhale kusowa pokhala, ndipo Edingeni, likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, lanyamula mawu amenewo. Ilanga ndi dzuwa, ndiye Elangeni ndi "padzuwa". Kumpoto kwa boma lomweli kuli Ezondweni kwa Inkosi Mtwalo, dzina lomwe muzu wake ndi chidani. Angoni amene ankatcha midzi yawo chonchi ankanena nkhani yonse m'liwu limodzi, ndipo ankadziwa kuti womvera wanzeru afunsa: mkangano wa yani, chidani cha chiyani? Funso limenelo ndi lomwe wolemba mayeso amafuna kwa mwana akamuikira ndakatulo patsogolo.

Mbiri ya Angoniwo ili ndi chizindikiro chomwe wolemba nthano aliyense angachisirire. Zwangendaba ndi anthu ake anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku lomwe kunachitika kadamsana, dzuwa n'kuda masana. Kadamsanayo anachitikadi, ndipo ndi amene anathandiza akatswiri a mbiri kupeza chaka cha kuwolokako. Koma gogo akamasimba nkhaniyi, mdimawo umanenanso zina: khomo la kwawo latsekeka, kumbuyo kulibenso njira. Chinthu chenicheni chikanyamula tanthauzo lachiwiri, chimenecho ndiye chizindikiro.

Ku Hora nako kuli phunziro. M'mwezi wa Ogasiti, pa mwambo wa Umthetho, ovina ingoma akamagunda pansi mpaka fumbi kobo, wotamanda mfumu amaimirira n'kuyamba kulakatula. M'ndakatulo zotamanda za Angoni ndi Azulu, mfumu sauzidwa kuti ili ngati mkango kapena ngati njovu. Imatchedwa mkango, imatchedwa njovu, popanda "ngati". Kusiyanako kumene ana amavutika nako m'kalasi, pakati pa chifanifani ndi fanizo lachindunji, pabwalo la Hora kumamveka ndi khutu. "Ngati" amasiya mpata woti munthu akayike. Kumuchotsa ndiye kuti wolakatula watsimikiza, ndipo khamu limavomera. Margaret Read, mayi wa ku Britain amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, analemba nyimbo ndi matamando otere, ndipo buku lake la The Ngoni of Nyasaland linatuluka mu 1956. Chuma chimenechi chili m'malaibulale, koma sichifika pa desiki ya mwana wa ku Manyamula.

Pamene nkhaniyi yazama kwambiri ndi pa vimbuza, gule wa mizimu wochizira odwala. Kwa zaka zambiri amuna a ku Mzimba akhala akupita ku Joni, kale kudzera ku Wenela, lero pa mabasi odutsa pa Mwanza ndi Dedza. Ena amabwera ndi malata ndi njinga zamoto. Ena sabwera, ndipo amatchedwa matchona. M'Chizulu ukushona ndi kulowa kwa dzuwa kapena kumira, ndipo mwamuna wotchona amakhaladi ngati dzuwa lolowa osatulukanso. Mkazi wolowoledwa ndi ng'ombe amatsala pamudzi wa apongozi, kumene mwambo sumulola kukweza mawu pamaso pa atatavyala, bambo a mwamuna wake. Njala, nsanje ya pamitala, kalata yosabwera, zonse amazimeza.

Usiku wa vimbuza ndi pamene zimatuluka. Ng'oma zitatenthedwa pamoto, amayi atazungulira akuomba m'manja, wodwalayo amavina mangenjeza ali kumiyendo, ndipo nyimbo imene ikuimbidwa imanena za mbalame, za chilombo, za ulendo. Wolankhula akuti ndi mzimu, kotero palibe angamuimbe mlandu mayiyo. Komabe apongozi amene akhala pakhonde amamva bwinobwino kuti mbalameyo ndani. Leroy Vail ndi Landeg White anafufuza nyimbo za amayi a Chitumbuka zoterezi m'buku lawo la 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem, ndipo anaonetsa kuti m'nyimbozo muli mbiri ya mavuto a amayi imene sinalembedwe m'mabuku a boma. Pulofesa Boston Soko nayenso anathera zaka zambiri akufufuza guleyu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika vimbuza m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a padziko lonse.

Apa ndiye pagona luso lozindikira nsinjiro. Kutchula dzina la chipangizo n'koyambira chabe. Wowerenga weniweni amafunsa kuti wolankhulayu akuopa yani, ndipo n'chiyani chimene sakanatha kuchinena poyera. Mwana amene waonapo azakhali ake akuvina vimbuza funsoli amalidziwa kale, kungoti palibe anamuuza kuti limagwiranso ntchito m'buku.

Ndipo limagwiradi. M'nthawi ya chipani chimodzi, pamene bungwe lounika mabuku linkasefa chilichonse chosindikizidwa, alembi a Writers Group ya ku Chancellor College, yomwe inayamba mu 1970, anachita zomwe amayi a vimbuza ankachita. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, n'kuchisandutsa chovala cha zinthu zomwe sizikanatchulika. Jack Mapanje anatenga bilimankhwe, kanyama kosintha mtundu kuti kapulumuke, n'kukaika pa mutu wa buku lake la 1981, Of Chameleons and Gods. Olamulira anamva ndithu. Mapanje anamangidwa mu Seputembala 1987 ndipo anakhala ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Iye yemweyo, pamodzi ndi Landeg White uja, anasonkhanitsa ndakatulo zapakamwa za mu Africa m'buku la 1983. Ankadziwa kumene lusolo linachokera.

Ngakhale m'tchalitchi muli umboni. Donald Fraser atatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, analimbikitsa Akhristu a kumeneko kupeka nyimbo zawozawo m'malo momangomasulira za ku Scotland. Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo pogwiritsa ntchito maimbidwe a kwawo, ndipo zina mwa izo zikuimbidwabe mu Sinodi ya Livingstonia kuchokera m'buku la Sumu za Ukhristu. Mtsikana wa m'kwaya amaimba chibwereza Lamlungu lililonse, Lolemba n'kumachiopa pa bolodi.

Mlembi wa ndemanga ino sakunena kuti mabuku a pasilabasi aikidwe pambali. Nthondo ya Samuel Josia Ntara ndi ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga ziyenera kuwerengedwa mozama, ndipo mayina a zipangizo ayenera kudziwika, pakuti mayeso amawafunsa. Chimene chikufunika kusintha ndi poyambira. Mwana akayamba wamasula dzina la mudzi wake, kapena mawu amene amayi ake amanena pamaliro akafuna kupewa liwu loti "wafa", amafika pa ndakatulo ya Chichewa kapena ya Chingerezi ali ndi chida m'manja. Kumasulira chining'a cha Chitumbuka kupita m'Chichewa nakonso kumamunola pawiri.

Aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi a ku Mzimba, kuyambira pa Boma mpaka ku Luwerezi ndi Khosolo, temu ino ayese chinthu chimodzi chosafuna ndalama. Lachisanu atume ophunzira kwa agogo awo kukafunsa tanthauzo la dzina la mudzi wawo ndi chifukwa chake unatchedwa choncho. Lolemba mayankhowo alembedwe pa bolodi, ndipo buku litsegulidwe pambuyo pake.