Tisadikire Maliro Kuti Tionane

"Mwasowatu! Tipeze tsiku tidzacheze." Mawu amenewa timauzana m'minibasi, kumsika ngakhale pamzere wa kubanki. Timapatsana manambala a foni, aliyense n'kupitiriza ulendo wake, koma tsikulo silipezeka. Zaka zimadutsa, kenako timadzakumana pasiwa, tikulira mnzathu wina amene tinkaphunzira naye kusekondale.

Mwezi uno tiyeni tikambirane za chinthu chooneka chaching'ono: kudya nkhomaliro ndi mnzanu amene mwatenga nthawi musanaonane. Ena amati ndi kutaya nthawi, koma thupi lanu limapindula nako.

Mu 1938, yunivesite ya Harvard ku America inayamba kutsatira moyo wa ophunzira ake 268, ndipo pambuyo pake anaonjezerapo anyamata 456 ochokera m'madera osauka a mumzinda wa Boston. Anthuwa anatsatiridwa mpaka ukalamba. Dr Robert Waldinger, amene amatsogolera kafukufukuyu, amafotokoza kuti amene anali okhutira ndi maubale awo ali ndi zaka 50 ndiwo anali athanzi kwambiri pofika zaka 80. Mu 2010, Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana 148, wokhudza anthu oposa 300,000, ndipo anapeza kuti anthu a maubwenzi olimba amakhala ndi moyo wautali kuposa osungulumwa. Nkhaniyi ndi yaikulu moti mu 2018 boma la Britain linasankha nduna yoona za kusungulumwa, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linakhazikitsa komishoni yoona za vutoli.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu wosenza nkhawa yekha sagona bwino, sadya bwino, ndipo magazi ake amatha kuthamanga kwambiri. Mnzake ndi amene amaona kuti waonda, kuti chifuwa chija sichikutha, ndi kumuuza kuti, "Achimwene, tiyeni kuchipatala." Pa WhatsApp zimenezi sizioneka. Munthu amalemba kuti "ndili bwino" misozi ili m'maso.

Nanga n'chifukwa chiyani tikunena za nkhomaliro? Masana sipakhala vuto la kuyenda usiku, ndipo ola limodzi limapezeka ngakhale kwa munthu wa pantchito. Komanso chakudya chimamasula lilime. Anthu akasamba m'manja n'kuyamba kutema nsima, nkhani zimene zikanavuta kuziyamba zimatuluka zokha. Pocheza timadyanso mosathamanga, zimene zimapatsa thupi mpata wodziwa kuti lakhuta.

Musadandaule za ndalama. Nsima ya mgaiwa, nyemba ndi mkhwani wotendera n'zokwanira. Mbatata yophika ndi mtedza zimakwananso. Ngati nonse muli m'tauni, aliyense atenge chakudya chake m'kontena mukakhale pamthunzi.

Kuti macheza akhale aphindu, kumbukirani izi:

Tchulani tsiku ndi ola. "Tidzaonana" si pangano. Nenani kuti, "Lachitatu 12 koloko, ndibwera kuntchito kwanu."

Foni ikhale m'thumba. Mnzanu sangakuuzeni za mumtima maso anu ali pafoni.

Funsani kawiri. Yankho loyamba la "muli bwanji?" ndi la mwambo chabe. Mukadya pang'ono, funsaninso: "Koma zikuyenda, achemwali? Mayi aja akupeza bwanji?" Kenako khalani chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musathamangire kupereka malangizo, ndipo musapikisane pa mavuto. Nthawi zambiri munthu safuna yankho, amafuna khutu.

Miseche isakhale ndiwo. Mukatha ola lonse mukukamba za anthu ena, mudzasiyana musanadziwe za wina ndi mnzake. Ndipo zimene mwauzidwa zikhale mumtima mwanu. Koma ngati mnzanu wanena zofuna kudzichotsera moyo, musamusiye yekha. Muperekezeni kuchipatala ndipo dziwitsani wachibale wodalirika.

Abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Ambiri mwa amene amadzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ambiri a ife tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Mpira ndi ndale kambani, koma musathere pomwepo. Ngongole, kutha kwa ntchito ndi mavuto a m'banja zimapepuka zikapeza womvetsera.

Ngati mnzanuyo ali ku Johannesburg kapena ku Harare, nthawi yathu ndi yawo ndi imodzi. Panganani kuti muimbirane pavidiyo aliyense ali ndi mbale yake.

Ganizirani dzina limodzi lokha, la munthu amene mumamukumbukira nthawi zonse koma simumuimbira. Mwina nayenso akuchita manyazi kuyamba chifukwa papita nthawi. Yambani ndinu sabata ino. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma kuti udziwe kuti zikupsa, uyenera kukhala naye pafupi.