Tsiku Lowaombera M'manja Aphunzitsi

M'kope lino tafuna kuti tiyende nanu ulendo wautali pang'ono, tichoke m'mbali mwa nyanja yathu tikafike ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts ku America, komwe kuli yunivesite ya Harvard. Musadabwe kuti mwalimu wa pamadrasa akukafunako chiyani. Kumeneko kumachitika mwambo wina chaka ndi chaka umene watiganizitsa kwambiri za kwathu kuno.

Yunivesite imeneyi inayamba m'chaka cha 1636, ndipo ili ndi sukulu zingapo: ya zamalamulo, ya zachipatala, ya zamalonda ndi zina. M'chaka cha 1920 anatsegulanso ina yoona za maphunziro okhaokha, yotchedwa Harvard Graduate School of Education. Amene amalowa m'menemo ndi anthu oti ali nayo kale digiri yoyamba, ndipo ambiri anagwirapo choko. Amapita kukafufuza mmene mwana amaphunzirira kuwerenga, chimene chimam'bwezera m'mbuyo, ndi mmene sukulu ingayendetsedwere bwino. Alongo athu adziwenso kuti mwa sukulu zonse za Harvard, imeneyi ndiyo inayamba kupereka madigiri kwa akazi.

Mwambo wopereka madigiri umachitika Lachinayi chakumapeto kwa mwezi wa Meyi, pabwalo, pansi pa mitengo. Otsiriza maphunziro amavala mikanjo ndi zisoti, makolo atadzaza mbali zonse. Mkulu wa zachitetezo wa boma la Middlesex amamenya ndodo yake pansi katatu, zinthu n'kuyambika. Wophunzira mmodzi amalankhula m'Chilatini monga mwa mwambo wawo wakale. Kenaka mkulu wa yunivesite amaitana sukulu iliyonse payokha, ndipo ophunzira ake amaimirira ndi chimkokomo, atakweza m'mwamba chizindikiro cha ntchito yawo. A zamalamulo amakweza tinyundo ta woweruza milandu. Ikafika nthawi ya aphunzitsi, chimene amakweza ndi timabuku ta ana. Taganizani, munthu wamkulu wandevu zake, amene wangolandira digiri yachiwiri kapena ya udokotala, akunyadira kabuku ka zithunzi ka mwana wa zaka zisanu! Iye akudziwa kuti maphunziro onse apamwambawo akathera pa kamwana kamene kakuvutika ndi chilembo choyamba.

Koma chimene chatikhudza kwambiri ndi msonkhano umene sukulu ya aphunzitsiyi imachita payokha kutatsala tsiku limodzi, pomwe amapereka mphotho. Pali mphotho yotchedwa Morningstar Family Teaching Award, imene imapita kwa mphunzitsi mmodzi wa pasukulupo. Amene amapereka maina ndi ophunzira eni ake, poona mmene munthuyo wawaphunzitsira, wawalangizira ndi kuwasamalira. Pali ina yotchedwa Intellectual Contribution Award, yopita kwa ophunzira amene athandiza anzawo kuganiza ndi kumvetsa, osati amene angodzikundikira nzeru okha. Palinso mphotho ya bungwe la ophunzira akale, imene imapatsidwa kwa munthu woti anachoka pasukulupo kalekale koma ntchito yake yaoneka kunja. Mukaonetsetsa, ulemu wonsewu ukuchokera kwa anthu amene anaiona ntchitoyo ndi maso awo. Sukupita kwa amene wabwera ndi galimoto lalikulu.

Nawo mau amene amalankhulidwa pa miyambo imeneyi amafika patali. M'chaka cha 2016 mkulu wa sukuluyi panthawiyo, a James Ryan, analangiza otsiriza maphunziro kuti azolowere kufunsa mafunso asanu pa moyo wawo. Mwachidule anawauza kuti azifunsa kaye kuti amvetse asanaweruze, azikhala ndi chidwi chofuna kudziwa chifukwa chimene zinthu ziliri chomwecho, azifunafuna poyambira pamene anthu asemphana maganizo, azifunsa mnzawo mmene angam'thandizire m'malo momuganizira, ndiponso azidzifunsa chimene chili chofunika kwenikweni. Mau amenewa anafalikira dziko lonse mpaka anasanduka buku m'chaka cha 2017. Ife amene timakhala ndi ana pamkeka masana aliwonse tikuvomereza kuti mphunzitsi wosafunsa amangokwapula. Mwana akalephera kusiyanitsa zilembo ziwiri kwa sabata yathunthu, choyamba n'kudziwa ngati wadya, ngati akumva bwino, ndiponso ngati maso ake akuona.

Tsono abale, sitikunena izi kuti tisirire za eni. Kulemekeza wophunzitsa ndi chuma chathu chakale ife Asilamu. Mbiri imatiuza kuti itatha nkhondo ya Badr m'chaka cha 624, ena mwa ogwidwa amene analibe chuma chodziombolera koma ankadziwa kulemba, Mtumiki (S.A.W.) anawalola kuti aliyense aphunzitse ana khumi a ku Madina kulemba, ndipo limenelo linakhala dipo lake. Ntchito ya mphunzitsi inayesedwa yolingana ndi ufulu wa munthu. Ijaza imene mashehe akhala akupereka kwa ophunzira awo kuyambira kale imatchula dzina la wophunzitsa, ndi la amene anam'phunzitsa iyeyo, mpaka m'mbuyo, kuti pasapezeke woiwalika. Kuno kunyanja, mpaka lero tikutchulabe Shehe Abdallah Mkwanda, amene anakaphunzira ku Kilwa nadzaphunzitsa m'midzi yathu mpaka anamwalira mu 1930, ndi Shehe Sabiti Ngaunje amene anatisiya mu 1959. Sitikuwakumbukira chifukwa cha ng'ombe kapena ngalawa zimene anali nazo, koma chifukwa cha anthu amene anawaphunzitsa.

Nanga lero tili pati? Tinaitanidwa ku mwambo wotsekera chaka pa madrasa ina imene sitiitchula dzina. Ana anawerenga bwino zedi, mpaka amayi ena anagwetsa misozi. Mlendo wolemekezeka anayamikiridwa katatu konse. Anathokozedwa amene anapereka mpunga, amene anabwereketsa zokuzira mau, ngakhalenso amene anapereka mbuzi. Mwalimu amene anakhala ndi anawo chaka chonse, dzuwa ndi mvula yomwe, anali kumbuyo akunyamula mabenchi, ndipo dzina lake silinamveke ngakhale kamodzi. Pambuyo pake tinamva kuti anali atatha miyezi inayi osalandira kangachepe kamene makolo analonjeza. Chaka chotsatira anapita kunyanja kukalowa ntchito ya usodzi, madrasayo n'kukhala yotseka mpaka mvula inagwa. Tinachita manyazi, pakuti nafenso tinakhala pampando wakutsogolo tsiku limenelo osanena kanthu.

Vutoli silili kumadrasa kokha. Makolo athu ambiri ankaopa kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akasiya chipembedzo chawo, ndipo maboma athu a m'mbali mwa nyanja anatsalira pa maphunziro. Pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite kukoleji. Apo tinaona tonse kuti kumanga kalasi n'kosavuta, koma kupeza woima kutsogolo kwa kalasiyo kumatenga zaka. Komabe mwana wathu akanena kuti akufuna uphunzitsi, timam'funsa ngati wasowa china chochita. Mwana amamva zimene timalankhula pakhonde. Akaona kuti mphunzitsi ndi munthu wonyozeka, wokhalira ngongole pagolosale, iye adzasankha njira ya ku Joni. Ndiye adzukulu athu adzawaphunzitsa ndani? Ana athu aakazi adzaona kuti mayi wachisilamu ataima ndi choko m'manja?

Choncho tikupempha makomiti a mizikiti ndi a sukulu zinthu zitatu zimene sizifuna chuma cha ku America. Choyamba, pa mwambo uliwonse wotsekera chaka, mwalimu ndi mphunzitsi aitanidwe kutsogolo ndi maina awo mlendo aliyense asanatchulidwe. Chachiwiri, afunsidwe ana ndi ophunzira akale kuti anene okha amene anawathandiza, pakuti iwowo ndiwo mboni zenizeni. Mphatso ikhoza kukhala nsalu, thumba la chimanga kapena njinga yosonkherana, chachikulu n'chakuti iperekedwe anthu akuona. Chachitatu, malipiro amene tinalonjeza aperekedwe pa nthawi yake, chifukwa kuombera m'manja munthu wa njala n'kum'seka. Ndipo pamene mudzi uli ndi mnyamata kapena mtsikana wokonda kuphunzitsa, tisonkhe kuti akafike ku koleji ya aphunzitsi, monga ya Domasi, akabwere ndi luso. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu bambo ndi mayi amene mukuwerenga tsamba lino, ntchito yanu ya miyezi itatu ikubwerayi ndi iyi. Kumbukirani amene anakugwirani dzanja pa alifu kapena pa "a e i o u". Ngati ali moyo, pitani mukam'patse salamu mutatenga ana anu, amuone ndi kumva kuchokera pakamwa panu chimene anakuchitirani. Ngati anatsogola, m'chitireni dua ndipo mukaone banja lake. M'mera mpoyamba: mwana amene waona bambo ake atakhala pansi pamaso pa mwalimu wokalamba sadzafunanso kuuzidwa kuti uphunzitsi ndi ntchito ya ulemu.

Allah awalipire zabwino onse amene anatiphunzitsa, awakhululukire amene anatisiya, ndipo atipatse ana okonda kuphunzira ndi kuphunzitsa. Tidzakumananso m'kope likudzalo, Insha Allah. Wassalaam alaikum.