Theka la Tsamba

Mwezi wathawu abale a mnzanga wina amene tinaŵeta naye mbuzi paubwana anandipempha kuti ndilembe mbiri yake yoti ikaŵerengedwe pa maliro. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi a Chigwirizano ali kuimba m'nyumba ya siwa, ndipo ndinayamba kulemba: chaka chobadwa, sukulu, ubatizo, ukwati, ntchito, ana ndi zidzukulu. Pamenepo cholembera chinaima. Munthu wa zaka 68, mbiri yake yonse inakwana theka la tsamba.

Koma usiku, tikuotha moto panja, ndinamva mbiri ina imene sindinalembe. Bambo wina anasimba kuti malemuyo anamnyamulira mwana wodwala pa njinga pakati pa usiku, mvula ili kugwa, mpaka ku chipatala. Wina, mau ali pansipansi, anakumbutsa za malire a munda amene anasunthidwa chaka china. Zonse ziŵirizi zinali zoona, ndipo ndizo zimene anthu a m'mudzimo adzauza ana awo pamene pepala langa lija litadyedwa kale ndi chiswe.

Masiku ano tazoloŵera kuwononga ndalama zambiri pa ziliza. Sindikutsutsa mwambowu, pakuti nanenso ndinamanga cha amayi anga. Koma tsegulani 2 Samueli 18. Abisalomu, mwana wa Davide, mnyamata wokongola wa tsitsi lambiri, anadziimikira yekha mwala wa chikumbutso m'Chigwa cha Mfumu ali moyo, poopa kuti dzina lake lidzaiŵalika. Nanga anagona pansi pa mwalawo kodi? Iai. Ataukira atate wake anaphedwa m'nkhalango ya Efraimu, naponyedwa m'dzenje, namuunjikira miyala pamwamba. Lero timamkumbukira ndithu, koma osati monga iye anafunira.

Nkhani yoŵaŵa koposa ndi ya Yehoramu, mfumu ya Yuda, pa 2 Mbiri 21. Analoŵa ufumu ali ndi zaka 32, napha abale ake onse ndi lupanga, nalamulira zaka 8 zokha. Atamwalira panalibe womva chisoni, ndipo ngakhale anamuika m'mudzi wa Davide, sanamuike m'manda a mafumu. Inu achinyamata amene muyesa kuti nkhani ya imfa ndi ya ife a imvi, ŵerengerani bwino: munthuyu anafa ali ndi zaka 40.

Tsono pitani ku Yopa, pa Machitidwe 9, m'chipinda chapamwamba m'mene anagoneka Dorika. Sitimva kuti panaŵerengedwa mbiri iliyonse. Petro atafika, akazi amasiye anamzinga ali kulira, namuonetsa malaya ndi zovala zimene mayiyo anasoka. Singano ndi ulusi basi. Ndikhulupirira kuti pamene Dorika anali kusoka sanaganizeko za dzina lake. Anangoona kuti mnzake ali kuzizidwa.

Nditabwerako ku maliro aja tulo tinandithaŵa. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Theka langa la tsamba ndilidziŵa kale, ndipo lidzamveka bwino ndithu: mphunzitsi wa zaka zambiri, mkulu wa mpingo, wosajomba ku mapemphero. Koma pamoto paja adzanena chiyani? Ndili ndi mphwanga amene sitinalonjerane kwa zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha dimba la malemu atate athu, dimba losakwana ngakhale ekala imodzi. Ana ake akandiona pa msika amatembenukira kumbali, ndipo sindingawadzudzule, pakuti amene anayamba kulankhula mau oŵaŵa pabwalo la amfumu ndine. M'zaka zonsezi ndakhala ndikugaŵa mkate wa Mgonero kwa anthu ena ndi dzanja lomwe ndakana kupatsa mwana wa amayi anga.

Ndauza mayi a kunyumba kuti andigwirire tambala wofiira uja. Loŵeruka likudzali ndidzakwera basi ya m'maŵa kupita kwa mphwangayo. Ngati adzanditsegulira chitseko kapena ayi, zimenezo ndidzakaziona komweko.