Mlengalenga Muli ndi Eni Ake

Kandege kopanda woyendetsa m'kati mwake, kamene maiko onse akukatchula kuti drone, kafika tsopano m'manja mwa anthu wamba. Tindege tina ntopepuka kuposa paketi ya shuga, timapindika nkuloŵa m'chikwama cha mabuku, ndipo timajambula zithunzi zimene kale zinkalira helikopita. Ku Malaŵi tindegeti si tachilendo ayi. M'chaka cha 2017 boma mogwirizana ndi UNICEF lidatsegula dera loyeserako tindegeti ku Kasungu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Ena mwa achinyamata otere, ngakhalenso aphunzitsi awo, adzapita kunja kukachita maphunziro, kukagwira ntchito kapena kukachezera abale, kandege kali m'chikwama.

Chimene ambiri sachizindikira nchakuti pamene mwini kandege akukaona ngati choseŵeretsa kapena kamera chabe, lamulo limakaŵerengera pamodzi ndi ndege. Tsono mlengalenga mwa dziko lililonse muli m'manja mwa boma la dzikolo, monga momwe iliri nthaka yake, ndipo chilolezo chimene munthu adalandira kwao kaŵirikaŵiri chimathera pamalire.

Maiko ena safuna nkomwe kuti mlendo aloŵe nako. Dziko la Morocco lidaletsa kuloŵetsa tindegeti popanda chilolezo mu 2015, ndipo akasitomu amatilanda pabwalo la ndege pomwepo. Ku Egypt lamulo la mu 2017 limafuna chilolezo cha unduna wa zachitetezo, ndipo woliphwanya akhoza kukaloŵa kundende. Kulandidwa katundu nkoŵaŵa, komatu nkochepa poyerekeza ndi zimene zidaonekera ena. Mu 2019 mlendo wina wochokera ku France adamlamula kukhala m'ndende mwezi umodzi ku Myanmar kaamba koulutsa kandege pafupi ndi Nyumba ya Malamulo mumzinda wa Naypyidaw. Mzika inanso ya France idamangidwa ku Iran mu Meyi 2020 itaulutsa kandege nkujambula zithunzi m'dera loyandikana ndi malire a Turkmenistan. Khoti lidampeza wolakwa pa mlandu wa ukazitape nkumpatsa zaka 8, ndipo adatuluka mu Meyi 2023, atatha zaka zitatu m'ndende. Boma la France lidanenetsa kuti mlanduwo udali wopanda maziko, ndipo nkovuta kutsutsa kuti chilangocho chidaposa kulakwa kwake. Koma mlendo amene ali m'chitolokosi cha eni, wosadziŵa chinenero chawo, alibe pokambira zimenezo. Safunsa adadya phula.

Kungakhale kulakwa kuganiza kuti maboma onse amangouma mtima. Kuyambira pa 19 mpaka pa 21 Disembala 2018, bwalo la ndege la Gatwick, kufupi ndi London, lidatsekedwa mobwerezabwereza anthu atanena kuti aona tindege totere pafupi ndi msewu wonyamukirapo ndege. Maulendo a ndege pafupifupi 1,000 adasokonezeka, ndipo anthu pafupifupi 140,000 adavutika, ambiri a iwo ali paulendo wokadya Khirisimasi kwao. Palibe amene khoti lidampeza wolakwa pa nkhaniyi. Chaka chotsatira boma la Britain lidakuza dera loletsedwa mozungulira mabwalo a ndege kuchoka pa kilomita imodzi kufika pa makilomita 5. Mantha ake ngomveka: mbalame yokha ikaloŵa mu injini ya ndege imaononga, nanji kachipangizo kolimba kokhala ndi batire lotha kuyaka.

Kumene kuulutsa nkololedwa, malamulo amafanana pa mfundo zikuluzikulu koma amasiyana pa tizinthu tating'ono, ndipo tating'onoto ndito timakola mlendo. M'maiko a European Union kandege sikayenera kukwera kupitirira mamita 120, ndipo woulutsa ayenera kukaona ndi maso ake nthaŵi zonse. Mlendo wochokera kunja amalembetsa m'dziko loyamba limene akufuna kuulutsako, ndipo nambala imene alandira imagwira ntchito m'maiko ena onse a bungwelo. Amalonda amakonda kutamanda tindege tosafika magalamu 250 ngati kuti tilibe lamulo, koma ku Ulaya kandege kotere kakakhala ndi kamera, mwini wake amalembetsabe, pokhapokha kakhale choseŵeretsa cha ana chenicheni. Ku South Africa, kumene Amalaŵi ambiri amapita, nkosaloledwa kuulutsa pamtunda wosakwana makilomita 10 kuchokera pabwalo la ndege, kapena wosakwana mamita 50 kuchokera pa anthu, pa nyumba za eni ndi pamsewu, ndipo m'nkhalango za boma zosungirako nyama, monga Kruger, mlendo saloledwa kuulutsa konse. Dziko la United States nalonso lidaletsa tindegeti m'nkhalango zake zotere mu 2014. Chomvetsa chisoni kwa wojambula nchakuti malo okongola kwambiri ndiwo kaŵirikaŵiri amakhala oletsedwa.

Palinso nkhani ya mabatire, imene imayamba munthu asananyamuke nkomwe. Batire la lithiamu likaphwanyika kapena nsonga zake zikakhudzana ndi chitsulo, limatha kubuka moto wovuta kuzima. Nchifukwa chake mabatire apadera saloledwa m'katundu wopita kunsi kwa ndege. Amayenda m'chikwama cha m'manja, nsonga zake zitaphimbidwa, kuti utsi ukayamba ogwira ntchito m'ndege auone msanga. Batire loposa 100 Wh limafuna chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo loposa 160 Wh sililoledwa m'katundu wa wapaulendo.

Ofunsidwa alipo. Dziko lililonse lili ndi ofesi yoyang'anira za ndege, ndipo ofesi ya kazembe wake ikhoza kulondolera wofunsa kumeneko. Kalata iyenera kupita kudakali masabata angapo, yofotokoza mtundu wa kandege, kulemera kwake, malo ndi masiku oulutsira, ndiponso ngati zithunzizo nzamalonda, pakuti kujambula kolandira nako malipiro kumakhala ndi malamulo akeake okhwima. Wapaulendo afunsenso za dziko limene angodutsamo posintha ndege, chifukwa chikwama chake chikhoza kusechedwa kumenekonso. Yankho likachedwa mpaka tsiku la ulendo, kandege katsale kunyumba.