Banja latha, nanga buku la kubanki?

Aliyense amene amachita geni mu Old Town, kuyambira ku Malangalanga, ku Bwalo la Njobvu mpaka mumsika wa Tsoka, nkhani iyi adaimvapo, ngati siidamuonekere mwini wake. Bambo ndi mayi ayamba bizinesi ya zitenje kapena kaunjika, zinthu zayenda, agwirizana zotsegula buku limodzi kubanki kuti ndalama zokaodera katundu ku Dar es Salaam kapena ku Joni zizikhala malo amodzi. Patapita zaka m'nyumba muja mwalowa mphepo. Ankhoswe aitanidwa, nkhani yakambidwa pakhonde ku Falls uko, anthu agawana mipando, mabedi ndi mapoto. Lolemba m'mawa mayi uja akufika kubanki kuti atapeko zokaodera, wapakauntala akumuuza kuti, "Pepani mayi, m'bukumu mulibe kanthu." Mnzake uja adakokolola zonse Lachisanu, ankhoswe akadali m'basi.

Tinene msanga kuti si abambo okha amene amachita izi. Alipo amayi ena omwe adasiyapo amuna awo manja ali m'khosi mwa njira yomweyi.

Kodi pamenepa banki yalakwa? Ambirife timathamangira kulalatira wapakauntala, koma zoona zake n'zakuti banki imangotsata pepala lomwe mudasaina nokha tsiku lotsegula akaunti, chikondi chikadali pamoto. Papepalapo pamakhala funso lakuti ndani azisaina potapa ndalama, aliyense payekha kapena nonse awiri. Ochita geni ambiri amasankha zoti aliyense azitapa payekha, ndipo chifukwa chake n'chomveka: wina akakhala paulendo wokaoda, wotsala pamsika asamavutike. Tsono chilolezo chimenecho sichitha chokha tsiku lomwe mwasiyana. Banki siidziwa kuti bambo adasamukira ku Kawale, siimva zomwe ankhoswe agamula, ndipo pokhapokha wina akaiuze mochita kulemba, kwa iyo mukadali thupi limodzi.

Kale zinali ndi mpata. Ndalama zinkatuluka munthu atanyamula buku kapena cheke n'kukaima pamzere tsiku lantchito. Lero pali khadi ya ATM, pali foni yolumikizidwa ku akaunti, ndipo ndalama zitha kusamukira ku Airtel Money kapena ku Mpamba usiku anthu ali m'tulo. Nyumba sungaisenze pamutu, galimoto anthu amaiona ikutuluka pageti, koma ndalama za kubanki zimachoka popanda galu kuuwa.

Nanga malamulo akuti chiyani? Papepala ali bwino ndithu. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'gawo 24, amati banja likatha mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la chuma chomwe anali nacho limodzi ndi mwamuna wake. Lamulo la maukwati la 2015 lidaonjezera kuti pogawa chuma khoti liziganizira zomwe aliyense adaikapo, kuphatikizapo ntchito zapakhomo zomwe sizilembedwa pa lisiti. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 nalo limazindikira kuti kumana mnzako chuma ndi nkhanza, ngakhale usadamugwire thupi. Komanso mu 2017 Khoti la Suprimu lidanena kuti ukwati pawokha sutanthauza kuti chilichonse ndi cha onse awiri. Khoti limaona ngati eni ake anali ndi cholinga chokhala nacho limodzi. Apa ndiye buku lokhala ndi maina awiri limasanduka mboni yamphamvu.

Vuto n'lakuti khoti limayenda pansi pamene ndalama zimauluka. Mlandu wothetsa banja umatenga nthawi, ndipo pofika tsiku lachigamulo ndalama zija zidagula kale poloti m'dzina la mlongo wake, kapena zidathera kumowa. Chigamulo utha kuchipeza, koma chigamulo sungaodere mabelo.

Zimaipiratu kwa omwe adangolowana popanda chinkhoswe, tchalitchi kapena kulembetsa kuboma. Lamulo la 2015 lija limati khoti lingavomereze kuti awiriwo ndi banja pokhapokha ubale wawo utakwanitsa zaka zisanu, litaonanso zinthu zina monga ana, chuma komanso mmene anthu amawadziwira m'dera. Inu ophunzira amene mwatsegula akaunti imodzi ndi chibwenzi kuti muzigulitsa mafoni kapena nsapato, dziwani kuti chaka chimodzi chogawana chipisi sichikupangani banja. Mukasiyana, mlandu wanu udzakhala wa anthu awiri ochita bizinesi limodzi, ndipo chidzafunike ndi umboni wa yemwe adaika zingati.

Pali chinanso chomwe ambiri sachiganizira. Buku la awiri silisunga ndalama zokha, limasunganso ngongole. Ngati mudasainira limodzi ngongole pa akauntiyo, banki itha kulondola aliyense wa inu kuti abweze yonse, osati theka lake. Mayi atha kupezeka akubweza ndalama zomwe zidakakongoletsa nyumba ya mkazi wina, ndipo akalephera, dzina lake limada kumabungwe osunga mbiri ya angongole, mawa osapezanso ngongole kwina.

Tsono munthu atani zinthu zikafika povuta? Choyamba, pitani kunthambi yanu ndi chiphaso chaunzika ndi kalata yonena kuti pali kusamvana pakati pa eni akaunti, ndipo mukupempha kuti ndalama zisatuluke popanda siginecha za nonse awiri. Funsani za makhadi ndi nambala za foni zolumikizidwa ku akauntiyo, ndipo kope la kalata yanu alidinde. Chachiwiri, tengani sitetimenti ya miyezi yambiri m'mbuyomu, chifukwa ndiyo idzakulankhulireni kukhoti. Chachitatu, tsegulani buku lanulanu, muuze makasitomala kapena abwana anu kuti ndalama zizilowa kumeneko. Kutsekeratu akaunti ya awiri kawirikawiri kumafuna nonse musaine, ngongole itabwezedwa. Mnzanu akakana, njira ndi kukhoti, ndipo wopanda ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau. Ngati banki yanyalanyaza kalata yanu, dandaulo limapita ku Reserve Bank ku City Centre, yomwe imayang'anira mabanki onse.

Wina anena kuti, "Bwanji ndingothamanga ine ndikatape zonse asananditsogole?" Ayi achimwene, ayi achemwali. Sitetimenti yomweyo idzaonetsa tsiku ndi kuchuluka kwa zomwe mudatapa, ndipo mudzafunika kuzifotokoza pamaso pa woweruza.

Komabe tisanamizane, kuimitsa akaunti nako kuli ndi mtengo wake, makamaka kwa wageni. Mpamba ukagona umawonda. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti awiri ena anali atamangirira K2 miliyoni kubanki uku akukokanakokana. Ndalama zomwe zikadagula madola pafupifupi 1,700 zidadzuka zikugula osakwana 1,200. Palibe adapambana. Choncho kuimitsa akaunti kukhale kwa masabata owerengeka ogawana mwachilungamo, osati chida cholangira mnzako.

Apa ndi pamene ankhoswe athu akuyenera kusintha. Amadziwa kuwerenga mbuzi, mbale ndi malata, koma ndi angati amene amafunsa za buku la kubanki? Nkhoswe ya lero, isanayambe kufunsa kuti adayamba kutukwana ndani, iyambe yafunsa ngati pali akaunti ya awiri, muli zingati ndipo pali ngongole yanji, kenaka iwaperekeze onse kubanki. Nawo a mabanki asamangoloza chala posainira. Afotokozere anthu m'Chichewa chomveka kusiyana kwa kusaina payekha ndi kusaina awiri, ndi zoyenera kuchita mukadzasemphana.

Sitikunena kuti okondana asamasunge ndalama pamodzi. Mabizinesi ambiri a m'tauni muno adakula chifukwa awiri adaphatikiza mpamba. Tikungoti pepala lija muliwerenge mukadamwetulirana, ndipo mitambo ikayamba kuda musadikire Lolemba. Paja akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu.