Simuvota, Koma Khonsolo Iyenera Kukumverani

Ambiri mwa inu amene mukugwira ntchito m'nyumba za mabwana ku Johannesburg kapena m'mafamu a ku South Africa mumaona khonsolo ngati chinthu cha eni dziko okha. Maganizowa ali ndi pogwira, pakuti pachisankho cha makhansala amavota ndi nzika zokha. Komabe mpopi umene mumatungapo madzi, chimbudzi cha pakomboni, galimoto yochotsa zinyalala, magetsi a mumsewu umene mumadutsa usiku pochokera kuntchito ndiponso ozimitsa moto, zonsezi zili m'manja mwa khonsolo. N'chifukwa chake ndikukulimbikitsani kuti muziyankhula pamene khonsolo ikukonza mapulani ake, ngakhale mulibe voti.

Lamulo loyendetsera makhonsolo la Municipal Systems Act la m'chaka cha 2000 likulamula khonsolo iliyonse kukhala ndi pulani ya chitukuko ya zaka zisanu, yotchedwa IDP, imene imawunikidwanso chaka ndi chaka. M'pulaniyi ndi mmene mumalembedwa kuti mapaipi adutsa kuti, zimbudzi zimangidwa zingati ndiponso msewu uti ukonzedwa. Lamuloli likamanena za anthu ofunika kufunsidwa maganizo, limatchula okhala m'deralo, ndipo silikunena kuti akhale nzika. Likuwonjezanso kuti munthu wosatha kulemba apite ku ofesi ya khonsolo, kumene wogwira ntchito ayenera kumulembera maganizo ake. Nawonso malamulo aakulu a dzikolo a 1996, pa gawo 27, akupereka ufulu wopeza madzi okwanira kwa munthu aliyense.

Sungani nyengo yake m'mutu. Chaka cha ndalama cha khonsolo chimayamba pa 1 Julaye, ndipo meya amayenera kupereka ndondomeko ya bajeti kukhonsolo masiku 90 tsikulo lisanafike, ndiye kuti Malichi asanathe. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi ndi mmene anthu amaitanidwa kumisonkhano ya m'mawodi kukapereka ndemanga. Mukadandaula mu Ogasiti, ndalama zimakhala zitagawidwa kale.

Vuto lalikulu ndi loti khonsolo imakonzera anthu amene yawawerenga. Ndondomeko ya boma ya madzi aulere imatchula malita 6,000 pamwezi pa khomo limodzi. Koma pakhomo pamene pali zipinda zisanu ndi chimodzi zalendi kuseri, anthu onsewo amagawana mita imodzi ndi chimbudzi chimodzi, ndipo m'mabuku a khonsolo amaoneka ngati banja limodzi. Makhonsolo ambiri amafunanso chitupa cha South Africa kuti munthu alembedwe m'kaundula wa osauka. Choncho mukakhala chete, palibe chimene chingadziwitse okonza mapulani kuti pamalopo pakugona anthu ochuluka chotero.

Kusawerengedwa kumapha. Pa 31 Ogasiti 2023, moto unabuka m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa mzinda wa Johannesburg, ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo ochokera ku Malawi. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzindawo. Bungwe lofufuza za ngoziyi, lotsogozedwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe, linapeza kuti khonsolo inkadziwa za kuopsa kwa nyumbayo koma sinachitepo kanthu, motero ili ndi gawo lake pa imfazo.

Inu a m'mafamu mumauzidwa kawirikawiri kuti khonsolo singalowe pamalo a munthu. Mu 2019, khoti lalikulu la ku Pietermaritzburg linakana chifukwa chimenechi pamlandu wa Mshengu. Linagamula kuti makhonsolo a Msunduzi, uMshwathi ndi uMgungundlovu anaphwanya malamulo posapereka madzi, zimbudzi ndi ntchito yochotsa zinyalala kwa anthu okhala m'mafamu. Ena mwa amene anakasuma anali anthu wamba okhala m'mafamu momwemo.

Ndikudziwa zimene zimakugwirani miyendo. Pali mantha akuti mukaimirira m'holo, wina amva kayankhulidwe kanu n'kuyamba kukufunsani mapepala, ndipo m'madera ena chidani cha alendo chafika poipa. Palinso vuto la nthawi, popeza misonkhano imachitika pamene inu mukuphikira ana a abwana kapena mukuyembekeza lole yobwerera kukomboni. Sindikupempha munthu aliyense kuika moyo wake pachiswe. Koma pali njira zina zoyankhulira zosafuna kuti muimirire nokha pagulu. Mpingo wanu, gulu lanu lothandizana pamaliro kapena bungwe la antchito a m'nyumba monga SADSAWU lingathe kulemba kalata imodzi m'dzina la gululo. M'kalatamo mutchule zinthu zowerengeka: zipinda zingati, anthu angati, mipopi ingati, ndiponso masiku angati amene zinyalala zakhala zosachotsedwa. Kaperekeni kwa khansala wa wodi yanu kapena ku ofesi ya khonsolo, ndipo mupemphe kuti akudindireni kope lanu losunga.

Chinanso, pitani limodzi ndi anansi anu a dziko lino. Paipi ya chimbudzi ikaphulika, fungo limalowa m'nyumba za onse, ndipo iwo ali ndi voti imene khansala amaiopa. Mukasaina kalata imodzi, zimavuta kuti wina anene kuti alendo ndiwo athetsa madzi.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ambiri munabwera ndi maganizo okhala chaka chimodzi, koma lero ana anu ali kusukulu kuno ndipo mwalipira lendi zaka khumi. Mu lendi imeneyo eninyumba amachotsamo ndalama zolipirira madzi, magetsi ndi msonkho wa malo, kutanthauza kuti khonsolo imayendera thukuta lanunso. Malichi akamayandikira, funsani nambala ya wodi yanu, dzina la khansala wake ndi tsiku la msonkhano wa IDP, ndipo muyambe kuwerenga mipopi ya m'dera lanu.